Njira Yosapatukirana

Anthu a kuno ku Bangwe amati ndine wamwano. Chifukwa chake n'chakuti ndikakumana ndi munthu pa kanjira kopanikizika, kaya ndi nkhalamba, kaya ndi mayi wosenza ndowa, ine sindipatuka. Ndimangoima njo pakati pa njira mpaka mwini wake aone chochita. Ena amatsonya, ena amafunsa ngati kwathu kunali akulu. Ine sindiwayankha. Pakamwa m'pawo, ndipo sanapondeko kumene ndinaponda ine.

Ndinapita ku Mozambiki nthawi ya matipate itangoyamba. Ntchito yanga ya ukalipentala ku Maselema inali itatha, mwini shopu atatseka n'kupita, zinthu m'magolosale zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku. Amene anabwera ndi nkhani anali mlamu wanga Layisoni, mwamuna wa mlongo wanga Enelesi. Anati kuseri kwa tauni ya Milanje, ku Mozambikiko, nkhondo yatha, mitengo ya mlombwa yakhala zaka zonse za nkhondo osaona nkhwangwa, ndipo mkulu wina wa matabwa akufuna amacheka. Macheka ndi ntchito ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina pansi m'dzenje. Layisoni anati iye alowa m'dzenje poti ine utuchi umandiyetsemulitsa. Ndi mmene analili munthuyo.

Analeredwa ndi amalume ake, a Makawa, telala wa ku Chilomoni amenenso anali mkulu wa mpingo. Anamulera ndi mkwapulo, ndipo ulemu unamulowa mpaka m'mafupa. Popereka moni ankagwira chigongono. Polandira chinthu, ngakhale machesi, manja awiri. Ndinkamuseka kuti tsiku lina adzapepesa mbuzi, iye n'kumangoti, "Alamu, ulemu sagula pagolosale."

Dera la mitengolo linali lidakali m'manja mwa asilikali a kutchire. Mfuti zinali zitaleka kulira, koma eni ake anali asanazitule. Pamsewu wolowera kumeneko anamangapo chingwe, ndipo kuti udutse umayenera kukhala ndi giya, kapepala ka chilolezo kodindidwa ndi komandanti wawo. Giya yathu inali imodzi ya anthu awiri, dzina langa ndi la Layisoni, yopanda chithunzi. Msilikali wa pachingwe ankaitana mayina, kenako n'kukuuza kuti utambasule manja. Wamacheka amadziwika ndi zikhatho. Wa manja osalala ankati ndi kazitape. Ndinaonapo wina akupita naye kuseri kwa zisakasa zawo, ndipo sindinamuone akubwerako.

Kuchokera pamsasa kupita kumaenje athu kunali kanjira ka phazi limodzi. Uku ndi uku m'maudzu munali mabomba okwirira, oti ngakhale owakwirirawo anali ataiwala malo ake. Dalaivala wa lole ya matabwa, Zuze, Msena wolankhula ngati wailesi, anatiimika tsiku loyamba lomwelo.

"Amalawi inu, mverani bwino," anatero. "Ulemu wanu mwausiya pachingwe paja. Kuno sapatuka. Mukakumana ndi munthu panjira, mukumbatirane, muzungulire pomwepo, aliyense azipita. Kaya ndi apongozi ako, akumbatire basi."

Tinaseka mpaka misozi. Tinaleka kuseka mbuzi ya munthu wina itaduka chingwe n'kuthamangira m'maudzu tikuona. Tinamva kugunda pansi pa mapazi athu, fumbi n'kuti kobo, ndipo mwini mbuzi sanapite n'komwe kukatola nyama.

Tinakhala kumeneko nthawi yaitali ndithu. Mantha anali ngati nsabwe, umagona nawo, umadzuka nawo, mpaka umazolowera kukanda. Ngakhale podzithandiza panali malo amodzi okha, ndipo ukatsegula m'mimba umapemphera kuti pasakhale mnzako. Koma ntchito inkayenda. Tinkacheka kuyambira m'mawa mpaka mapewa achite dzanzi, Layisoni akuimba nyimbo za kwaya pansipo, ine ndikumusokoneza ndi za kumowa. Utuchi ukamulowa m'maso ankatuluka m'dzenje, ine n'kumukanula chikope n'kuuzira. Zuze akamapita ndi matabwa ku Limbe tinkamupatsira kangachepe, ndipo ndi mmene nyumba ya Layisoni ndi Enelesi inafoleredwera malata. Mlamu wanga sanawaone malatawo.

Unali m'mawa, tikupita kudzenje, iye patsogolo. Pokhota njira tinangoti gululu ndi mayi wokalamba atasenza mtolo wa nkhuni, wautali kuposa mwini wake. Layisoni anali atakumbatirana ndi anthu panjira imeneyo kosawerengeka. Koma tsiku limenelo sindidziwa kuti maganizo ake anali kuti. Ndinamumva akuti, "Dutsani, mayi," n'kuona mwendo wake ukutuluka m'njira.

Za pambuyo pake sindikonda kuzinena. Makutu anga anagontha, m'kamwa munadzaza dothi. Mayi uja anagwa chagada panjira pomwepo, wamoyo, akukuwa mawu osamveka. Layisoni tinamukoka ndi chingwe chokokera zipika, chifukwa panalibe amene akanaponda pamene anagwerapo. Anatisiya dzuwa lisanafike pamutu. Komandanti anati maliro alibe giya, choncho tinamuika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msasa, m'bokosi la mlombwa umene tinacheka ndi iye yemwe.

Ndinabwerera ku Bangwe ndi bulangete lake, nsapato zake, komanso njinga ndi wailesi zimene ndinali nditagula kale ku Milanje. Njinga ndi wailesizo n'zimene zinandipalira moto. Anthu anaona munthu wapita ndi mlamu wake, wabwera yekha, belu likulira. Sabata isanathe, pa mpope ponse nkhani inali yoti ndamukhwimira Layisoni kuti ndilemere. Amayi ankaitana ana awo ndikamadutsa. Enelesi ankagulitsa tomato pamsika, koma tomato wake anayamba kuolera pathebulo.

Abale a Layisoni anabwera kuchokera ku Chilomoni, a Makawa patsogolo, atavala jekete ndi tayi dzuwa likuswa mtengo. Ndinafotokoza zonse monga zinachitikira. Anandimvetsera osaphethira.

"Mwatha?" anafunsa.

"Ndatha, amalume."

"Ine si malume wanu. Ndiye mukuti mwana wanga anafa chifukwa chopatukira munthu wamkulu?"

"Ndi momwemo."

"Bambo, ine ndakula. Anthu amafa ndi malungo, amafa ndi ngozi, amafa ndi anzawo. Munthu wofa ndi ulemu sindinamumvepo." Anatembenukira kwa Enelesi amene anali pamphasa atavala zakuda. "Mayi, tilibe nanu chifukwa. Koma mpaka ndikaone manda ndi maso angawa, ndikaonenso pamene anafera, sitikusudzulani. Ndipo za nyumba ino tidzakamba nthawi imeneyo."

Aliyense anamva tanthauzo lake. Mkazi wosasudzulidwa amakhala womangika, sangavule zakuda, sangayambe moyo wina. Ndipo achimwene ake a Layisoni anali atayamba kale kuwerenga malata ndi maso. Ndinapsa mtima, koma ndinangoti, "Chabwino, ndikakuonetsani." Mawu amenewo anatuluka msanga kuposa nzeru.

Kuwoloka malire pa Muloza sikunali nkhani. Nkhani inali chingwe chija. Komandanti sankapereka giya kwa anamfedwa, ankati obwera kudzaona manda ndi amene amapita kukanena za manda. Ankapereka kwa antchito okha. Ndinayamba kutsikira ku Limbe kukadikira lole ya Zuze pamalo pamene ankatsitsa matabwa, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi nkhani ina.

Ulendo woyamba anati, "Osadandaula, aise. Bwana wa matabwa wati akamba ndi komandanti. Giya yatsopano ituluka, shuwa."

Ulendo wachiwiri anati chidindo chasowa, wina wapita nacho kumudzi kwawo.

Ulendo wachitatu anatsika m'lole akupukusa mutu. "Komandanti uja amuchotsa. Wabwera wina, wachinyamata, maso ofiira. Ena akuti akung'amba magiya akale, ena akuti akuwalola bola umupatse mabatire. Ine sindinganame, sindikudziwa."

"Nanga iwe ukudutsa bwanji?"

"Ine ndimadutsa ndi lole, aise. Lole ili ndi giya yake. Munthu ndiye vuto."

Ndinkabwerera ku Bangwe wapansi, mutu uli gwa. Kutentha kunali kutayamba, mitambo ikusonkhana pamwamba pa phiri madzulo alionse, ndipo ine ndinkaiyang'ana ngati mdani. Mvula ikagwa kumeneko udzu umamera n'kutseka kanjira, matope amakokolola mabomba n'kuwasiya pamene dzulo panali pabwino. Komanso mlombwa unali utatsala pang'ono kutha, msasa usamuke. Tikaphonya nyengo imeneyo, manda a Layisoni akanasowa mpaka kalekale, ine n'kukhala mfiti moyo wanga wonse.

A Makawa ankaganiza kuti ndikuzengereza dala. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakwera minibasi ziwiri kudzandifunsa funso limodzi lomwelo, ataima pakhomo, mpando ataukana.

"Chilolezo chija?"

"Sichinatuluke."

"Chidzatuluka manda mukamaliza kukumba?"

Mnzawo wina wa kumpingo anawauza kuti kuli njira zachidule zozembera chingwe, zimene amadutsa ogulitsa mchere. Anabwera nayo nzeru imeneyo ngati atola ndalama. Ndinawauza kuti njira zimenezo ndi zimene zadzaza anthu oduka miyendo oyendera ndodo ku Milanje, ndipo ngati akufuna apite okha. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndiye mukukana." Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuwatukwana, ndinangoluma mlomo chifukwa cha Enelesi.

Pamapeto pake Zuze anabwera ndi kapepala kamene ndinkakadziwa bwino, kakuda m'mopinda. Inali giya yathu yakale, imene ndinasiya kwa bwana pochoka.

"Yatsopano iiwale," anatero. "Ilipo ndi iyi. Mayina awiri, lako ndi la malemu. Anyamata a pachingwe asinthidwa, mwina sakudziwa kuti Layisoni anafa. Mdala wakoyo akayankhe dzina la Layisoni."

"Nanga tikakapeza akale aja abwerera?"

Zuze anakanda m'mutu. "Ukapeza akale, ine sindikukudziwa."

"Nanga komandanti watsopanoyo akaing'amba?"

"Aise, ine ndine dalaivala, si mneneri."

Ndinapita nayo ku Chilomoni. Ndinawapeza a Makawa pakhonde la golosale pamene ankasokera, mapazi pa makina, tepi m'khosi. Nditawafotokozera, makina anaima.

"Ndiyankhe dzina la munthu wakufa? Ine, mkulu wa mpingo, ndikaname pamaso pa mfuti?"

"Njira ina palibe."

"Kuitanidwa dzina la wakufa n'kuvomera, mukudziwa kuti n'kudziitanira chiyani?"

"Ndikudziwa. Ngati mwaopa, kamusudzuleni mlongo wanga, nkhani ithe."

Anayang'ana singano. Kenako anati, "Ndipita."

"Ndionetseni manja anu."

Anatambasula monyinyirika. Zikhatho zinali zosalala ngati za mwana wa sukulu, kupatula kachipsera ka sizasi pachala. Ndi manja amenewo sitikanadutsa ngakhale giya ikanakhala yodindidwa ndi mngelo.

Choncho ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba ya Enelesi, ndinabwereka sowo, n'kugula zipika za bulugamu. M'mawa uliwonse telala wa ku Chilomoni ankabwera, kuvula jekete, kulipinda bwinobwino, n'kulowa m'dzenje pansi pa munthu amene ankakhulupirira kuti anapha mwana wa mlongo wake. Anthu ankaima pa mpanda kuonerera. Tinkacheka osalankhulana. Ndikakoka, iwo ankakankha, ndikakankha, iwonso ankakankha, sowo n'kupindika.

"Musalimbane nayo! Ilekeni ibwere yokha!"

"Musandikalipire, bambo, si ine mwana wanu."

Matuza anatuluka, anaphulika, anatulukanso. Sanadandaule ngakhale kamodzi, zimenezo ndiwayamikire. Tsiku lina utuchi unawalowa m'diso. Anatuluka m'dzenje akupukuta ndi mkono, misozi ili chuchuchu. Ndinatsika kuti ndiwauzire monga ndinkachitira ndi Layisoni. Anabwerera m'mbuyo.

"Musandiyandikire kumaso."

Anapita kukasamba ndi madzi, diso linafiira masiku angapo. Zinandiwawa kuposa mawu onse amene ananenapo.

Tinakangananso pa za katundu. Ine ndinakonza mchere, sopo ndi mabatire a anyamata a pachingwe. Iwo anabwera ndi mtanda wa thabwa wolembedwa dzina, wopaka utoto woyera.

"Amalume, wamacheka wanji amene amanyamula thabwa kupita nalo kunkhalango? Ndiponso dzina lili pamtandapo ndi limene mukayankhe inu pachingwe."

Anauyang'ana mtandawo, n'kuusiya pakhoma. Jekete ndi tayi ndinawaletsanso. Chipewa chokha anakaniratu kuchisiya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, Enelesi anandipeza ndikumanga sowo m'chiguduli. Anakhala pa chipika, zakuda zake zitayamba kutuwa ndi kuchapa.

"Achimwene, musapite. Nyumba atenge. Ine ndibwerera kumudzi."

"Ndiye anthu aziti chiyani?"

"Nanga mdalayu akakaponda bomba kumeneko, anthu adzati chiyani? Adzati munayamba ndi mphwake, mwakamaliza ndi malume. Adzakuotchani, achimwene. Bangwe mukumudziwa."

Ankanena zimene ine ndinkaopa kuziganiza. Chingwe ndinkachiopa, komandanti wa maso ofiira ndinkamuopa, koma choposa zonse ndinkaopa kubweranso ndekha kachiwiri. Ndinamuuza kuti zonse zikayenda bwino. Mawu anga sanandikhulupiritse ngakhale ine mwini.

Tinakwera pamwamba pa lole ya Zuze, kudutsa minda ya tiyi, kuwoloka pa Muloza, mpaka Milanje. Njira yonse ndinkawabwerezera malamulo. Pondani pamene ndaponda ine. Mukafuna kukodza, nenani. Chipewa chikauluka, chisiyeni. Mukakumana ndi munthu, musapatuke.

"Ndamva, bambo. Si ine wogontha."

Titayandikira chingwe, Zuze anatitsitsa patali kuti tifike wapansi ngati sakutidziwa. Ndinayang'ana nkhope za asilikali, mmodzi ndi mmodzi. Onse anali achilendo, kupatula mmodzi amene anakhala pansi pa mtengo akusenda chinangwa, ndipo ameneyo sindinathe kudziwa ngati ndinamuonapo kale kapena ayi. Sanadzutse mutu, ine ndinapemphera kuti chinangwacho chisathe.

Wa pachingwe anatenga giya, anaitembenuza, anaiunika padzuwa.

"Iyi ndi ya komandanti wakale."

Ndinatsitsa kathumba ka mabatire ndi sopo pafupi ndi phazi lake, ngati ndangotopa nako. Anakayang'ana, n'kuyang'ananso pepala. Anaitana dzina langa, ndinavomera. Kenako anati, "Layisoni."

Kunali zii. A Makawa anali chiimire, maso ali patali. Msilikali anadzutsa mutu.

"Layisoni ndani?"

"Ndine," anatero a Makawa, mawu ngati a munthu amene wakhala masiku osalankhula.

"Mdala ngati iwe, macheka? Manja."

Anatambasula. Msilikali anakanda chikhatho chawo ndi chikhadabo, anaona mabala a matuza, ena akutulukabe madzi. Anaseka. "Ku Malawi njala yavuta eti?" Anaponda chingwe kuti tidumphe, n'kunena kuti mawa dzuwa lisanalowe tikhale titatuluka, chifukwa mkuja akudziwa ndi komandanti yekha ngati magiya akale azigwirabe ntchito.

Pamsasa tinapeza anthu ochepa, ambiri atasamuka. Otsalawo anandizindikira, anabwera kudzapepesa, n'kufotokoza za Layisoni chimodzimodzi monga ndinafotokozera ine. A Makawa anamvetsera nkhope ili gwa. Ndinadziwa zimene ankaganiza, kuti awa ndi anzanga, tinapangana. Pamanda anavula chipewa, anapemphera chapansipansi. Mandawo anali osesedwa bwino, opanda ndi tsamba limodzi la mango. Sindinafunse wosesa, ndinadziwa kuti ndi mayi wa nkhuni uja. Atatha kupemphera anavalanso chipewa.

"Manda ndaona. Manda aliyense angakumbe. Tsopano pamene anafera."

Tinalowa m'kanjira kaja, ine patsogolo, iwo pambuyo. Udzu unali wouma, wofika m'chiuno, ukutikwecha m'mikono. Kumwamba kunkagunda chapatali. Thukuta linkandilowa m'maso koma sindinkayerekeza kuphethira. Ndinkamva kupuma kwawo kumsana kwanga, ndipo phazi lawo lililonse likagunda pansi mtima wanga unkaima kudikira.

Tisanafike pokhota paja ndinaona mtolo wa nsungwi ukubwera pamwamba pa udzu. Anali mayi wina wachikulire, osati uja, wowonda, khosi likunjenjemera ndi kulemera kwa katundu. Ndinachita monga mwa lamulo la kumeneko. Ndinamugwira m'mapewa, iye anandigwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, tinazungulira, ndinapezeka mbali inayo. Nditatembenuka, mayiyo anali atayang'anizana ndi a Makawa.

Ndinaona dzanja lawo likupita kuchipewa. Ndinamva mawu awo, aulemu, a kutchalitchi.

"Dutsani, mayi."

Mwendo wawo unali kale m'mwamba, ukupita m'maudzu.

Sindidziwa mmene ndinadutsira pansi pa nsungwi zija. Ndinangopezeka ndawagwira malaya pachifuwa ndi manja onse, ndikuwakokera kwa ine, ndikukuwa ngati wamisala. "Imani pomwepo! Imani!" Tinawombana zipumi, mayi uja ali pakati pathu, atatu tonse tikudzandira pa kanjira ka phazi limodzi. Chipewa chinagwera m'maudzu, pomwe phazi lawo likanatera.

Mwina pamenepo panalibe kanthu. Mpaka lero sindidziwa, ndipo palibe amene anapita kukatola chipewacho kuti tidziwe.

Mayi uja anatikalipira m'chilankhulo chake, anawagwira a Makawa m'chiuno, anawazungulitsa ngati mwana, n'kumapita. Ife tinatsala titagwirana. Ndinkamva mtima wawo ukugunda pa dzanja langa. Ndinawalozera patsogolo pang'ono, pambali pa njira, pamene panali dzenje lakuda lopanda udzu.

"Ndi apo."

Anayang'ana dzenjelo, anayang'ana chipewa chawo, kenako anayang'ana phazi lawo ngati si lawo.

"Munandiuza," anatero. "Njira yonse munandiuza. Ndipo ndinamva."

"Layisoni nayenso anamva, amalume."

"Mwendowu unangopita wokha."

Anafuna kukhala pansi, koma panalibe pokhala, ndiye ndinawagwirabe. Anayamba kulira, kulira kwa munthu wamkulu kumene kumachititsa manyazi woonerera.

"Anali wamng'ono chonchi," anatero, dzanja lili m'chiuno. "Tikuchokera kuchigayo ku Chilomoni, sanapatukire mayi wosenza ufa. Ndinamukwapula panjira pomwepo mpaka anakodza. Ndinati wosenza katundu ndi mfumu, uzimupatukira usanaganize. Usanaganize, ndinatero ine."

Mvula inayamba kuwaza tili pomwepo. Tinabwerera pang'onopang'ono, dzanja lawo lili pa phewa langa mpaka pamsasa. Mtanda tinakhoma ndi zidutswa za mlombwa, iwo eni anazokota dzina ndi mpeni. Utuchi utawalowa m'diso, anatembenukira kwa ine n'kukanula okha chikope.

Tinatuluka pachingwe m'mawa mwake. Patangopita masiku ochepa Zuze anatiuza kuti komandanti wang'amba magiya onse akale, ndipo mvula itakhazikika msasa unasamuka. Sindinabwererekonso.

Enelesi anamusudzula Loweruka lotsatira, pamaso pa abale onse ndi anthu a pa mpope omwe. A Makawa sanalankhule zambiri. Anati manda awaona, mwana wawo sanaphedwe ndi munthu, ndipo aliyense wokhudza lata limodzi la nyumba imeneyo adzaonana ndi iwo. Wina atafunsa kuti nanga anafa bwanji, anati, "Anafa ndi zimene ndinamuphunzitsa ine," n'kukhala pansi.

Pambuyo pake ankabwerabe ku Bangwe Lamlungu, koma tsopano mpando ankaulandira. Tsiku lina tinakumana pa kanjira ka pakati pa mipanda kotsikira kumpope, iwo akukwera, ine ndikutsika. Masiku amenewo ndinali ndikuyesa kubwerera ku ulemu wakale kuti anthu aleke kundinena, ndiye ndinayamba kusendera m'ngalande kuti adutse. Anandigwira malaya pachifuwa, mwamphamvu, ndi manja aja a telala.

"Ima pomwepo, mwana wanga."

Anandikumbatira, tinazungulira, amayi a pa mpope akuseka mpaka kutaya madzi. Iwo anapitiriza kukwera, ine ndinapitiriza kutsika. Kuyambira tsiku limenelo sindinapatukirenso munthu.